Kugona pa Taj ku Mumbai: nyumba yakale, nsanja, kapena kungokamwako tiyi?

Cha m'ma 6 koloko m'mawa, pabwalo la Gateway of India pamakhala nkhunda zambiri kuposa anthu. Maboti opita ku chilumba cha Elephanta, komwe kuli mapanga akale, amakhala akadali omangidwa, akukhulana pang'onopang'ono, ndipo dzuwa limatulukira kutsidya kwa doko lili psuu chifukwa cha utsi ndi chinyezi cha mzinda wa Mumbai. Ndinaziona zimenezi ndili pawindo la chipinda cha m'nyumba yakale ya hotela ya Taj Mahal Palace, kapu ya tiyi ili m'manja, mumtima ndikuwerengera kuti ola lililonse muno likundidyera zingati. Ndinagonamo usiku umodzi wokha. Masiku ena a ulendowo ndinagona kwina, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba: munthu amene wafika ku Mumbai, mtima n'kumamukokera ku hotela imeneyi, ali ndi njira zingapo, ndipo zimasiyana pa zambiri kuposa mtengo wokha.

Tiyambe ndi chimene chimakokera anthu kumeneko. Hotelayi inatsegulidwa pa 16 Disembala 1903. Anaimanga ndi Jamsetji Tata, kholo la makampani a Tata omwe magalimoto awo timawaona ngakhale m'misewu ya kwathu kuno, ndipo iye anamwalira chaka chotsatira, mu 1904. Mapulani ake anajambula ndi Sitaram Khanderao Vaidya ndi D. N. Mirza, koma amene anamalizitsa ntchitoyo ndi W. A. Chambers. Ambiri amaganiza kuti hotelayi inamangidwa kuti iyang'anizane ndi chipata chija cha Gateway of India, pomwe zoona zake n'zakuti chipatacho ndi mwana: anachimanga pokumbukira ulendo wa Mfumu George V ya Britain wa mu 1911, ndipo chinatha mu 1924. Kwa zaka 20 ndi kuposerapo, chimene apaulendo a pasitima ya pamadzi ankayamba kuona polowa m'doko la Bombay, dzina lakale la Mumbai, linali denga lofiira lija la Taj, lozungulira ngati mbale yovundikira. Asilikali omaliza a Britain anatulukira pachipatacho mu Febuluwale 1948, hotelayi ikuwayang'ana.

Pali nthano yomwe oyendetsa alendo amakonda kuikamba, yoti Tata anamanga hotelayi chifukwa chokanizidwa kulowa mu Watson's Hotel, yomwe inali ya azungu. Olemba mbiri ambiri amaikayikira nthanoyi, koma nyumba ya Watson's ikadalipo ku Kala Ghoda, yotopa ndi yothimbirira, mtunda woyenda pansi kuchokera pa Taj. Kaioneni, mudzamvetsa kuti kusamalira nyumba yakale m'mphepo ya mchere ndi ntchito yotani.

Tsono msampha uli apa. Dzina lakuti Taj pamalo amenewa likutanthauza nyumba ziwiri zolumikizana. Pali nyumba yakale ya 1903, yomwe amaitcha Palace, ndiye pali nsanja yaitali yomwe inatsegulidwa mu 1973 pamalo pomwe panali Green's Hotel, yomwe amaitcha Tower. Pamodzi zili ndi zipinda zoposa 500. Pa intaneti zithunzi zake zimasakanikirana: mumaona denga lofiira, masitepe okongola, mtengo wooneka wofewa, inu n'kudina msanga, kenako pofika akukulozerani chikepe cha ku nsanja. Mlamu wanga zinamuonekera zimenezi. Anasungitsa chipinda kudzera pa tsamba lina la maulendo osawerenga timalemba tating'ono ta m'munsi, ndipo anazindikirira pa kauntala kuti mkazi wake sagona m'nyumba yomwe anamulonjeza. Musanalipire, onetsetsani kuti pa dzina la chipindacho palembedwa Palace kapena Tower.

Nyumba yakale

Mukasankha Palace, mukulipira nyumbayo. Bedi labwino ndi madzi otentha mungazipeze m'mahotela ambirimbiri a mu Mumbai pa mtengo wocheperapo. Chimene simungachipeze kwina ndi masitepe aakulu aja okwera mozungulira pansi pa denga, otuluka m'khoma popanda nsanamira yowachirikiza pakati, ndi makolido aatali otseguka pakati kuti mphepo ya kunyanja izidutsa, poti nyumbayi inamangidwa makina oziziritsa zipinda asanafale. M'makolidomo muli mipando ndi makabati akale osemedwa, komanso zithunzi zojambula pamanja za amisiri a ku India. Usiku umene ndinagonamo ndinatha pafupifupi ola lathunthu ndikungoyendayenda kuchoka pa nsanjika ina kupita pa ina, nsapato zili phee pa kapeti, wantchito aliyense wokumana naye akuika manja pamodzi n'kunena "namaste". Pofika amakulandirani ndi mkanda wa timikanda ta tulsi, chomera chopatulika kwa Ahindu, m'khosi ndi kadontho kofiira pamphumi. Mkristu wina angadodome nazo. Mukakana mwaulemu palibe amene amakukakamizani.

Zipinda za m'nyumba yakale sizifanana kukula, ndipo apa m'pofunika kusamala. Zina zimayang'ana kunyanja ndi ku Gateway, zina ku dziwe losambiramo kapena kumzinda, ndipo zotsika mtengo kwambiri zimatha kukhala zoyang'ana m'kati mwa nyumba. Ine ndinganene mosapsatira: ngati mwaganiza kale zowononga ndalama pa Palace, onjezerani mutenge choyang'ana kunyanja. Kulipira masauzande makumimakumi a ma rupee kuti mukatsegula katani muone khoma ndi kudzimana kopanda phindu. Pali gulu lina la zipinda lotchedwa Taj Club lomwe limabwera ndi zoonjezera monga wantchito wokutumikirani inuyo, tiyi wa madzulo ndi zakumwa. Zoonjezerazi zimasintha nthawi ndi nthawi, choncho funsani kuti pa tsiku lanulo mukhala chiyani, kenako muwerengere ngati mukanagula zimenezo paokha.

Chinthu china chodabwitsa: khomo lenileni la nyumba yakaleyi silinali kunyanja. Linali kumbuyo, kumene lero kuli dziwe losambiramo. Anthu ena amati omanga anatembenuza mapulani molakwitsa, koma ndi nkhambakamwa chabe. Anafuna kuti zipinda zambiri zipenye kunyanja, ngolo za akavalo zizifikira mbali ya kumzinda. Mukakhala pakhonde la kudziweko madzulo, akhwangwala akulira m'mitengo, phokoso la Colaba, dera limene hotelayi ili, limamveka ngati lili kutali pomwe lili kuseri kwa mpanda. Alendo ogona pahotelayi amathanso kulowa nawo pa ulendo wa madzulo woyendera nyumbayi ndi wofotokoza mbiri yake. Musauphonye. Ndi mmene ndinamvera kuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse hotelayi inasandutsidwa chipatala cha mabedi 600.

Nsanja

Tower ndi hotela yabwino ya masiku ano, basi. Zipinda zake n'zofanana, zaukhondo, zocheperapo mtengo kusiyana ndi za Palace, ndipo malo odyera, dziwe ndi antchito ndi omwewo. Ndinalowa m'chipinda cha mlamu wanga uja ndikuyembekezera kumumvera chisoni, koma ndinatuluka ndili ndi kansanje pang'ono. Kuchokera pamwamba pa nsanja mumaona doko lonse, Gateway ili pansi panu ngati kachidole, ndipo zipinda zina zimaona denga lofiira lija pafupi kwambiri. Munthu wogona m'nyumba yakale saiona nyumbayo. Amene amaiona ndi wa mu nsanja ndi wa pamsewu.

Ndiye Tower ndi ya yani? Ya munthu amene akhala masiku atatu kapena anayi, akufuna chisamaliro cha Taj ndi malo a Colaba, ndipo mbiri ya makoma siimusowetsa tulo. Ndi yabwinonso kwa amene ali ndi ana ang'onoang'ono kapena okalamba ofuna chikepe chapafupi ndi njira yosasokoneza. Koma ngati chimene mwanyamukira ndi 1903, masiku atatu mu nsanja sangalowe m'malo mwa usiku umodzi m'nyumba yakale. Mudzakhala mukudutsa pa masitepe aja ngati mlendo wa mnzanu.

Kugona kuseri, tiyi n'kukamwera pa Taj

Iyi ndi njira imene ndimalangiza anthu ambiri, makamaka ife amene ndalama zakunja timazipeza movutikira ndipo khadi la kubanki limakhala ndi malire ake. Kuseri kwa Taj, m'timisewu ta Colaba, muli mahotela ndi nyumba zogona alendo za mitengo yosiyanasiyana. Pali apakatikati monga Fariyas ndi Suba Palace, pali kahotela kakang'ono kokongola ka Abode, ndipo palinso malo otchipa kwambiri a anthu oyenda ndi chikwama kumsana. Ndalama ya usiku umodzi mu Palace ingakugonekeni masiku angapo kumeneku, ndipo m'mawa mumadzuka n'kuyenda mphindi zochepa kufika pa Gateway pomwe paja.

Malo odyera a mu Taj amalandira aliyense, kaya mukugona momwemo kaya ayi. Mumadutsa pa makina ofufuza zikwama pakhomo, n'kulowa. Sea Lounge, yomwe ili pa nsanjika yoyamba ya nyumba yakale, ndi kumene kumamwedwa tiyi wa madzulo, ndipo kuti mufikeko mumakwera masitepe aakulu aja. Pa tebulo pamabwera zonse ziwiri, makeke ndi masangweji a chizungu, komanso zakudya za m'misewu ya Mumbai monga bhel puri ndi sev puri, zoikidwa m'mbale zapamwamba. Malowa ndi otchuka kuyambira kale ngati pokumanirana mabanja ofuna kukwatitsa ana awo. Tsiku limene ndinapitako, pa tebulo loyandikana nane panali zotero ndithu: mnyamata ndi mtsikana akuyang'ana makapu awo, amayi awiri akuyankhulana mokoma kwambiri moti munthu umachita kudziwa kuti akuyesana. Ndinakumbuka ankhoswe a kwathu. Sungitsani tebulo la pawindo pasadakhale, poti ndi ochepa.

Pansi pali Harbour Bar, yomwe inatsegulidwa mu 1933 ndipo imadziwika ngati bala yoyamba kulandira chiphaso mumzindawu. Okonda za ku Japan ali ndi Wasabi by Morimoto, za ku China kuli Golden Dragon, koma kunena zoona, chakudya chamadzulo m'malo amenewa chingathe kufanana mtengo ndi chipinda cha kahotela kanu ka kuseri. Ine ndinamwa tiyi pa Taj, usiku n'kukadya nyama yootcha pa Bademiya, kamsewu kamodzi kuseri kwa hotelayo, nditaimirira pakati pa magalimoto.

Kuipa kwa njira imeneyi ndi kwakuti Colaba yotchipa ndi ya mwayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa kanyumba kena komwe ndinagona usiku woyamba, zithunzi za pa intaneti zinali zoyera mbee, koma chipindacho chinalibe windo, chikepe chinali cha chitseko chokoka ndi manja ndipo chinkaima pakati pa nsanjika, makina oziziritsa ankalira ngati chigayo. Ndinasamuka m'mawa mwake. Werengani zimene alendo a posachedwa alemba, funsani ngati chipinda chili ndi windo, ndipo tsimikizirani kuti amalandira anthu akunja, chifukwa malamulo a India amafuna kuti hotela ilembetse mlendo aliyense wakunja ku boma ndipo timalo tina sitifuna chintchito chimenecho. Dziwaninso kuti dziwe losambiramo ndi makolido a kumtunda ndi za ogona momwemo okha.

Kutsidya, ku Nariman Point

Wopikisana ndi Taj weniweni ali makilomita ochepa chabe, ku Nariman Point, kumapeto kwa msewu wa Marine Drive: The Oberoi, ndi mnzake woyandikana naye Trident, yemwe mtengo wake ndi wofewerapo. Kusiyana kwake n'kosavuta kukumbukira. Taj imayang'ana kum'mawa, kudoko, ndiye mumaona dzuwa likutuluka, maboti ndi chikhamu cha anthu odzajambulitsa. Oberoi imayang'ana kumadzulo, ndiye mumaona dzuwa likulowa m'nyanja ya Arabia, kenako magetsi a Marine Drive akuyaka mokhota ngati mkanda, n'chifukwa chake amautcha Queen's Necklace. Oberoi ndi yabata, yamakono, ya mawindo aakulu. Pa Taj polandirira alendo pamakhala piringupiringu tsiku lonse, anthu ongodzaona, maukwati, ojambula. Wobwera ku misonkhano ya ntchito, wofuna tulo ndi chete, angasangalale kwambiri ku Nariman Point. Wofuna kukhudza khoma la zaka zoposa 120 sakalipeza kumeneko.

Mahotela onsewa ali ndi chilonda chimodzi. Usiku wa pa 26 Novembala 2008, zigawenga 10 za gulu la Lashkar-e-Taiba zinafika pa boti n'kuukira malo angapo: sitesheni ya sitima ya Chhatrapati Shivaji, Leopold Cafe ku Colaba, Nariman House, Oberoi ndi Trident, komanso Taj. Anthu 166 anaphedwa mumzinda wonse, 31 mwa iwo pa Taj, pomwe kuwomberana kunatha pa 29 Novembala. Antchito ambiri, omwe ankadziwa makomo onse otulukira, anatsala n'kumatulutsa alendo, ndipo ena anafera pomwepo. Bwana wamkulu wa hotelayo pa nthawiyo, Karambir Kang, anapitiriza kutsogolera ntchito yopulumutsa anthu mkazi wake ndi ana ake awiri atafera m'chipinda cha kumtunda. Nsanja inatsegulidwanso mu Disembala chaka chomwecho, pomwe nyumba yakale inadikira mpaka pa 15 Ogasiti 2010, tsiku lokumbukira ufulu wa India, ndipo Barack Obama anadzagonamo mu Novembala 2010. Pafupi ndi polandirira alendo pali chikumbutso chokhala ndi mayina a omwe anafa, madzi akutsetsereka pakhoma. Ngakhale mwangobwera kudzamwa tiyi, mukhoza kuimapo. Ndikutchula izi chifukwa zimasintha mmene munthu umaonera mnyamata wokubweretsera thaulo, komanso kuti musadabwe ndi kufufuza kwa pakhomo, komwe n'kokhwima m'mahotela akuluakulu onse a mumzindawu.

Ngati mwabwerera chipatala kapena katundu

Ambiri a ife sitipita ku Mumbai kukaona nyumba. Timapita ndi wodwala, kapena kukapikula nsalu ndi mankhwala. Apa mapu ndi amene alamule. Colaba ili kunsonga ya kumwera kwa mzinda, makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku bwalo la ndege, ndipo pa mdipiti wa magalimoto ulendowo umatha kupitirira ola, ngakhale kuti mlatho wa Bandra-Worli Sea Link wa mu 2009 ndi msewu watsopano wa m'mbali mwa nyanja zinachepetsako vutoli. Ngati wodwala wanu ali ku chipatala cha Kokilaben ku Andheri, cha Lilavati ku Bandra kapena cha Hinduja ku Mahim, kugona ku Colaba ndi kudzizunza. Gonani kufupi ndi chipatala; ofuna dzina la Taj ali ndi Taj Lands End ku Bandra ndi Taj Santacruz pafupi ndi bwalo la ndege, ngakhale kuti ndi nyumba zamakono. Adokotala akakumasulani, m'pamene mungatsike ku Colaba kukapuma tsiku limodzi. Opikula ku Crawford Market ndi Mangaldas Market ali pafupi ndithu ndi Colaba, mphindi zochepa pa takisi zakuda ndi zachikasu zija. Tinjinga ta mawilo atatu sitiloledwa kumwera kwa mzindawu, choncho musataye nthawi kutidikira.

Pa nkhani ya mtengo, nambala imene mwaiona poyamba si imene mudzalipire. Chipinda chilichonse chopitirira ma rupee 7,500 pa usiku chimakhala ndi msonkho wa 18 peresenti, ndipo masamba ena amauonetsa kumapeto kwenikweni. Onaninso ngati kadzutsa ali momwemo, chifukwa kumugula payekha m'hotela zotere kumapweteka. Mitengo imakwera kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, nyengo yozizirirapo komanso ya maukwati, ndipo imatsika m'nyengo ya mvula, Juni mpaka Sepitembala. Mvula ya ku Mumbai si yamasewera, misewu imasefukira ndipo maboti a ku Elephanta amaima nyanja ikakwiya. Komabe kwa munthu amene cholinga chake ndi kukhala m'nyumbamo, kuyang'ana mafunde akumenya khoma la Apollo Bunder, gombe la kutsogolo kwa hotelayi, ali pawindo louma, nyengo imeneyi ndi imene Palace imafikirika. Mapanga a Elephanta amatseka Lolemba lililonse, musaike ulendo wanu tsiku limenelo.

Kwa amene mwasankha usiku umodzi wokha ngati ine, funso lotsala ndi lakuti usiku uti. Chipinda amapereka 2 koloko masana ndipo mumatuluka 12 koloko tsiku lotsatira, ndiye muli ndi maola 22. Usakhale usiku woyamba: mumafika mutatopa ndi ulendo wodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, wotchi yanu ili m'mbuyo ndi maola atatu ndi theka, ndipo mudzangogona ngati chipika pa bedi lodula. Usakhalenso womaliza ngati ndege yanu ndi ya pakati pa usiku kapena mbandakucha, monga zimakhalira ndege zambiri zochoka ku Mumbai kupita kunja, chifukwa mudzalipira bedi lomwe mudzalisiya lisanafunde. Uikeni pakati. Zoona za mumzinda, sitesheni ija ya Chhatrapati Shivaji, nyumba yosungira zakale ya ku Kala Ghoda, msika wa Colaba Causeway, muzithere masiku amene mukugona kotchipa. Tsiku la Taj fikani msanga, siyani chikwama kwa antchito, ndipo musatulukenso pageti mpaka mawa masana.

Ndikutuluka ine tsiku limenelo, pakhomo panali galu wa m'misewu atagona mwamtendere pafupi ndi alonda ovala nduwira, magalimoto apamwamba akuima n'kumatsitsa anthu pambali pake. Ndinafunsa mlonda mmodzi chifukwa chake sakumuthamangitsa. Anati ndi lamulo lomwe anasiya Ratan Tata, mtsogoleri wakale wa makampani a Tata yemwe anamwalira mu Okutobala 2024, kuti galu akalowa pamalopo asamavutitsidwe. Ndinamulambalala bwinobwino, n'kukoka chikwama changa kulowera kuseri, ku kahotela ka masiku otsalawo.